Stiki, padi kapena bokosi la mabatani okhaokha: wa ku Salima agule chiti?

Chiikireni stiki, bokosi la ndodo ndi mabatani loseweretsa magemu omenyana, pabenchi m'kachipinda kanga ka magemu, kuseri kwa mashopu a pa Kamuzu Road, sabata siitha popanda wina kundifunsa kuti ndinaitenga kuti komanso kuti inandidya zingati. Ambiri obwera kuno amadzamenya gemu ya mpira, ndipo mpirawo ndi umene umandilipirira lendi. Koma dzuwa likapendeka, anyamata a kabaza akatsamiritsa njinga zawo kukhoma, pamatsala kagulu kofuna Tekken ndi Mortal Kombat basi. Amenewa ndiwo amaisirira stiki. Akamva ndodo ikuti khethekhethe, mabatani akuti phaphapha, amayesa kuti mankhwala opambanira ali m'bokosimo.

Mulibe mankhwala m'menemo, ndipo ndiyambire pomwepo kuti musadzandidandaule. Mu 2014, pa mpikisano wa Evo ku Las Vegas, Luffy wa ku France anatenga chikho cha Ultra Street Fighter IV akusewera ndi padi, kachida kogwirira m'manja awiri kaja, ya PlayStation yoyambirira ija. MenaRD wa ku Dominican Republic anapambana Capcom Cup kawiri, mu 2017 ndi mu 2023, nayenso ndi padi. Arslan Ash wa ku Lahore, amene mu 2019 anakwapula akatswiri a Tekken 7 ku Evo Japan kenako ku Las Vegas, anachita zimenezi ndi stiki. Daigo Umehara, amene anakulira pamakina oponya kobiri ku Tokyo, anasiya ndodo atakula kale n'kutenga bokosi la mabatani okhaokha. Zida zitatu zosiyana, zonse zinatengapo zikho.

Nanga bwanji ine ndimakonda stiki? Magemu amenewa anabadwira pamakina a kobiri. Street Fighter II ya Capcom, ya mu 1991, inali ndi ndodo kumanzere ndi mabatani 6 kumanja, atatu a nkhonya pamwamba, atatu a mateche pansi. Tekken ya Namco, imene inayamba mu 1994, ili ndi mabatani anayi, lililonse likuimira dzanja kapena mwendo. Pa stiki zala zonse za kumanja zimakhala pamwamba pa mabatani nthawi imodzi, ndiye kudina awiri pamodzi si nkhani. Pa padi chala chachikulu chimagwira ntchito ya anthu anayi, ndipo amene anaswerapo tsiku akuponya hadouken, mpira wamphamvu umene amaponya mu Street Fighter, amalidziwa thuza limene limatuluka pachala cha kumanzere. Chifukwa china ndi cha ife a bizinesi: padi ikafa mkati kawirikawiri ndiye yapita, pamene stiki yabwino umaitsegula, kuchotsa batani lakufalo, kuikapo lina, gemu n'kupitirira.

Funso loyamba si la dzina

Musanayang'ane zithunzi za mastiki pafoni, yang'anani makina amene muli nawo. Pa kompyuta kapena laputopu pafupifupi stiki iliyonse ya USB imagwira. PS3 nayonso sivuta kwenikweni. Mavuto amayambira pa PS4. Makinawa amafunsa chida chilichonse cholumikizidwa ngati chili ndi chilolezo cha Sony, ndipo bodi (kachipangizo ka magetsi ka mkati mwa stiki) yopanda chilolezo imagwira bwinobwino kwa mphindi 8, kenako zii. Mumazula chingwe, kulowetsanso, n'kupatsidwa mphindi 8 zina. Tangoganizani zimenezo zikuchitikirani pa raundi yomaliza anthu atakuzungulirani.

Opanga ena amazemba vutoli mwa njira yawo. Mayflash F300 ndi F500 zimagwira pamakina ambiri, koma pa PS4 ndi Xbox One mumalumikiza padi yeniyeni ya makinawo kustikiko kuti ibwereke chilolezo, kapena mumagula kachida kapadera kolowetsa pa USB. M'nyumba zimenezo sizivuta. M'chipinda cha magemu zikutanthauza kuti padi imodzi yamangika, siikupanga ndalama. Stiki ya 8BitDo ndi yabwino pa Nintendo Switch ndi kompyuta, ndipo pali ina ya Xbox, koma si ya PlayStation. Pa PS5, mastiki a PS4 okhala ndi chilolezo cha Sony amagwira pa Street Fighter 6 ndi Tekken 8; opanda chilolezo amafuna kachida kosinthira ngati Brook Wingman FGC. Wogulitsa akangoti "imagwira paliponse", mufunseni kuti pa PS4 yenu imagwira yokha kapena ndi chothandizira.

Padi imene muli nayo kale

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati gemu yanu ndi Mortal Kombat, khalani pa padi ndipo ndalamazo mugulire zina. Gemu imeneyi imatchinga ndi batani osati pokokera kumbuyo, ndipo makombo ake, kumenya kotsatizana kuja, amafuna kudina mbali mofulumira, kumbuyo kutsogolo, pansi kumbuyo, zimene chala chimachita bwino pa kamtanda ka padi. Akatswiri ake ambiri, kuphatikizapo SonicFox, ndi a padi. Street Fighter 6, imene inatuluka mu June 2023, ili ndi kaseweredwe kotchedwa Modern, kamene kamakulolani kutulutsa zida zapadera ndi batani limodzi ndi mbali imodzi. Anakakonzera anthu a padi omwewa. Palinso mapadi omenyera okhala ndi mabatani 6 pamwamba, monga Hori Fighting Commander. Ndi opepuka, m'bale wochokera ku Joni akhoza kungoika m'thumba la jekete.

Totchipa topanda dzina

Apa ndinapsapo. Stiki yanga yoyamba ndinaitenga kwa munthu wina ku Lilongwe, kabokosi kakang'ono kapulasitiki kokhala ndi tozimata pansi pake tomamatira patebulo. Tsiku loyamba anthu anachita kulimbirana. Sabata yachitatu ndodo inayamba kukana kona ya pansi kutsogolo, kotero hadouken imatuluka mwa apo ndi apo ngati madzi a pampopi m'chilimwe. Nditakatsegula ndinapeza mabatani onse omatidwa pa bodi imodzi, osachotseka, ndipo mabowo ake sanali a saizi imene mabatani ogula padera amalowa. Kalikonso mpaka pano pamwamba pa kabati.

Vuto lina la timastiki tating'ono, ngakhale tamakampani odziwika, ndi kupepuka. Mukakoka ndodo mwamphamvu bokosi lonse limabwera nanu. Manja amasowanso potsamira. Mwana wa sitandade 5 akhoza kusangalala nako, koma munthu wamkulu amene manja ake anazolowera nkhafi kapena mahandulo a njinga adzakaphwanya mwezi usanathe.

Zapakati, zimene ndimalangiza anthu ambiri

Mayflash F300 ndi F500, Qanba Drone ndi 8BitDo Arcade Stick zili m'gulu limodzi: zipangizo zake za mkati ndi zapakatikati, koma mabowo ndi mawaya ake amalola kuti mudzaikemo za ku Japan mtsogolo. Mwa zimenezi F500 ndi yotakasuka ndiponso yolemera chifukwa ili ndi chitsulo pamwamba ndi pansi, ndipo mtundu wake wotchedwa F500 Elite umabwera kale ndi zipangizo za Sanwa, kampani ya ku Japan yopanga ndodo ndi mabatani. Qanba Drone ndi yocheperako thupi, koma ili ndi chilolezo cha Sony. Yoyamba ija ndi ya PS3 ndi PS4, Drone 2 ndi ya PS4 ndi PS5. Wa PlayStation amene safuna kulimbana ndi zolumikiza zambiri atenge Drone. Wa kompyuta, kapena amene amasewera pamakina osiyanasiyana kwa anzake, atenge F500.

Ubwino wa gulu limeneli ndi woti simulipira zonse tsiku limodzi. Mumagula bokosi chaka chino, mabatani a Sanwa chaka chamawa, ndodo pambuyo pake. Ndi mmene timamangira nyumba kuno: njerwa lero, malata mukagulitsa mpunga.

Zodula

Hori Fighting Stick Alpha, Qanba Obsidian, Nacon Daija, Victrix Pro FS. Zonsezi ndi zabwino ndipo sindikhalitsapo. Alpha ndi Daija zimatseguka ngati chivundikiro cha sutikesi, ndiye kukonza mkati n'kosavuta. Alpha ili ndi ndodo ndi mabatani a Hori omwe, otchedwa Hayabusa; Obsidian yoyamba ndi Daija zili ndi za Sanwa; Victrix thupi lake ndi la aluminiyamu. Koma dziwani kuti ndodo ya Sanwa imene ili mu stiki yodula ndi yomweyo imene mungagule payokha n'kuika mu F300. Ndalama zowonjezerazo mukulipira bokosi, chilolezo ndi dzina. Kwa ife pamabweranso mtengo wonyamulira, poti mabokosi amenewa ndi aakulu ndi olemera makilogalamu angapo, kuonjeza msonkho wolowetsera katundu ndi vuto lopeza madola. Ngati muli ndi wachibale wobwera pabasi kuchokera ku Johannesburg amene angakuikireni pakati pa mabulangete, chabwino. Apo ayi, pitirirani kuwerenga.

Ndodo ndiye mtima wake

Anthu amakangana za mayina a mabokosi pamene chimene dzanja limamva ndi ndodo. Yodziwika kwambiri ndi Sanwa JLF ya ku Japan: mutu wobulungira ngati mpira, sipulingi yofewa, maswichi anayi pansi. Kunsi kwake kuli kapulasitiki kotchedwa geti, kamene kamalamula kumene ndodo ingafike. Geti limene imabwera nalo ndi la makona anayi. Wongoyamba amadabwa nalo, chifukwa akafuna kuzungutsa ndodo kuchokera pansi kupita kutsogolo amagunda pakona, ngati akuzungutsa mthiko mu bokosi. Ambiri amathamangira kugula geti la makona 8 kuti lizimveka lobulungira.

Ine ndimati musafulumire. Geti la makona anayi limapatsa malo ofanana ku mbali zonse, ndipo makona ake amapezeka mosavuta. Wosewera ndi Guile wa mu Street Fighter, amene amakhala atagwira pansi kumbuyo kudikira kuponya chida chake cha sonic boom, amangokhazika ndodo pakonapo ngati pampando. Chinsinsi n'chakuti simuyenera kukhukhuza ndodo m'mphepete mwa geti. Swichi imalira musanafike kukhoma. Mverani kulirako: pansi kamodzi, kona kawiri, kutsogolo imodzi yamasuka. Dzanja likaphunzira kuima pamene swichi yalira, makona aja simuwamvanso. Seimitsu LS-32, ya ku Japan komweko, ndi yolimbirako ndipo siyenda mtunda wautali. Ena amene amaona JLF ngati yolobodoka amakonda imeneyo.

Ndodo za ku Korea, monga za Crown ndi Myoungshin Fanta, ndi mtundu wina. Mutu wake ndi wautali ngati kachibonga, zilibe geti la makona, ndipo m'malo modalira sipulingi zimabwerera pakati chifukwa cha mphira wokhuthala. Tekken imafuna kuti ndodo izibwerera pakati msangamsanga: kuthawa chambuyo mobwerezabwereza kuja, kapena nkhonya ya mphezi ya a Mishima, banja lina la omenya a mu gemuyi, imene imafuna kutsogolo, pakati, pansi, kenako kona ndi batani pa kamphindi kamodzi. Gemu imayenda pa zithunzi 60 pa sekondi, ndipo nkhonya imeneyo ikaphonya chithunzi chimodzi imatuluka wamba, yopanda mphezi. N'chifukwa chake akatswiri a ku Korea monga Knee amasewera ndi ndodo zakwawo. Ngati moyo wanu ndi Tekken yokha, iganizireni, koma funsani kaye ngati ingalowe m'bokosi lanu, poti zina zimafuna bowo lalikulu kuposa la JLF.

Mabatani alibe nkhani yaitali. Omenyera ndi a mamilimita 30, ang'onoang'ono oyambitsira gemu ndi a 24. A Sanwa ndi ofewa moti kungotsamiritsa chala alira kale. A Seimitsu amafuna kudina pang'ono. Kwa makasitomala anga, amene amamenya batani ngati akukhoma msomali, kusiyanako sikumveka.

Lopanda ndodo

Bokosi la mabatani okhaokha, limene ambiri amalitchula ndi dzina la kampani imene inalitchukitsa, Hit Box, limachotsa ndodo n'kuikapo mabatani anayi. Zala zitatu za kumanzere zimagwira kumanzere, pansi ndi kumanja, pamene kudumpha kuli pa batani lalikulu la pansi lodinidwa ndi chala chachikulu. Inde, m'mwamba muli pansi. Mutu umazungulira masiku oyamba. Phindu lake ndi liwiro: kuchoka kumbuyo kupita kutsogolo n'kungonyamula chala china n'kutsitsa china, popanda mtunda woyenda ndodo. Mungathenso kudina mbali ziwiri zotsutsana nthawi imodzi, zimene ndodo singachite, ndipo zinavuta mpaka mu 2023 Capcom inalamula kuti pa mipikisano yake kudina m'mwamba ndi pansi pamodzi kuziwerengedwa ngati simunadine kanthu.

Kwa munthu wa ku Salima chokopa chake ndi thupi. Razer Kitsune ndi yodula, koma pali ena otchipa monga a Haute42, opyapyala ngati kope la sukulu, ogwiritsa maswichi a kiyibodi. Kunyamula kwake sikupweteka m'thumba, ndipo salira kwambiri, zimene a m'nyumba za lendi zogundana makoma angayamikire. Otchipawo pa PS4 ndi PS5 ali ndi vuto lija la chilolezo. Musanagule yesani pa kiyibodi ya kompyuta: A, S ndi D zikhale kumanzere, pansi ndi kumanja, batani lalitali lija likhale kudumpha. Mukaona kuti pakatha sabata zala zikumvera, ndiye kuti ndi lanu. Ine zinandikanika, chala chachinayi chija chimachita ulesi. Mphwanga amene anazolowera kutaipa anazigwira masiku atatu.

Kukhoma yanu

Stiki imene anthu amaisirira m'chipinda changa sinachokere m'sitolo. Ndinaitanitsa ndodo ya JLF, mabatani 8 aakulu, atatu aang'ono, mawaya ndi bodi, zonse m'kaphukusi kokwana m'manja awiri. Bokosi linakhomedwa konkuno.

Ndinapita kwa bambo wina wopala matabwa kufupi ndi msika ndi pepala limene ndinasindikiza, losonyeza pokhala mabowo motengera makina a Vewlix a kampani ya Taito, amene mastiki ambiri amatsanzira. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, chimenechi ndi cha wailesi kapena ndi bawo?"

"Ndi cha gemu, bambo. Mabowo awa akhale mamilimita 30 ndendende, ili la ndodo 24."

"Mukati ndendende, ndiye kuti ndikaphonya pang'ono simulipira?"

Tinaseka, koma nkhani inali yomweyo. Bowo likakula batani limagwedera, likachepa mumaswa pulasitiki pokakamiza. Tinayesa kaye pa kachidutswa kotaya. Phunziro lachiwiri linali la kuchindikala kwa thabwa. Mabatani a Sanwa odziwika kwambiri, OBSF-30, amagwira ndi timano tiwiri tam'mbali, ndipo anapangidwira chitsulo kapena pulasitiki yopyapyala. Pa thabwa lochindikala timanoto sititulukira kunsi. A thabwa ndi OBSN-30, omanga ndi nati. Ndodo nayonso ikamangidwa kunsi kwa thabwa lochindikala imatulukira yaifupi, kotero bamboyo anachita kusema kunsi ndi tchizulo mpaka kapuleti ka ndodo kanalowa m'kati. Mbali zake anaika mlombwa, pansi tinamata chidutswa cha chubu cha galimoto kuti lisaterereke pamiyendo. Ndi lolemera ngati mwana wa miyezi ingapo ndipo silisuntha.

Mawaya safuna kuwotcherera. Batani lililonse lili ndi timiyendo tiwiri, waya amangovekedwa ngati chipewa, ndipo ndodo ya JLF ili ndi pulagi imodzi ya mapini 5. Chosankha chachikulu ndi bodi. Yotchipitsitsa, imene amaitcha zero delay, ndi ya kompyuta, ina imagwiranso pa PS3, koma PS4 iiwaleni. Raspberry Pi Pico yoikidwa pulogalamu yaulere ya GP2040-CE ndi yotchipanso ndipo imayankha msanga kwambiri. Pa kompyuta, PS3 ndi Switch ilibe vuto, pa PS4 imadula pa mphindi 8 zija pokhapokha mutailumikiza ndi chida chokhala ndi chilolezo. Mabodi a Brook ndi odula, koma ndi amene amagwira pa PlayStation popanda kunyengerera, bola muziwaikira pulogalamu yatsopano kampaniyo ikatulutsa. Yanga ndi ya Brook chifukwa makasitomala ali pa PS4. Ndikanakhala wa laputopu ndikanatenga Pico osaganiza kawiri.

Wina aliyense wokonza mafoni kapena mawailesi pa boma akhoza kukulumikizirani ngati mawaya amakuopsani. Mungomuuza kuti ndodo ikatembenuka, m'mwamba n'kukhala pansi, vuto si bodi koma mmene pulagi kapena ndodoyo yayang'anira.

Ikafika m'manja

Konzekani kuluza. Munthu amene mumamukwapula tsiku ndi tsiku ndi padi adzakukwapulani kwa milungu ingapo, mwina miyezi, ndipo adzauza aliyense mpaka ku Senga Bay. Ambiri amabwerera ku padi pa nthawi imeneyi n'kugulitsa stiki motchipa. Ngati mukufuna yakale, anthu ake ndi amenewa. Pogula musachite manyazi, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lumikizani pamakina, lowani mu training mode, poyesezera paja, yatsani zosonyeza zimene mwadina, zungutsani ndodo pang'onopang'ono muone ngati mbali zonse 8 zikutuluka, dinani batani lililonse kakhumi, gwedezani chingwe pamene chalowera m'bokosi, ndipo pa PS4 dikirani mphindi 10 zithe.

Kagwiridwe palibe lamulo. Ena amalowetsa ndodo pakati pa chala chachinayi ndi chaching'ono, chikhatho chikuyang'ana m'mwamba pang'ono. Ena amaphimba mpirawo ndi zala zitatu kuchokera pamwamba. Chofunika n'choti mkono utsamire pabokosi ndipo ziyende ndi zala ndi pamfundo ya dzanja, osati phewa lonse ngati mukupalasa bwato. Yesezani mbali zonse ziwiri. Pafupifupi aliyense amatulutsa hadouken bwino ali kumanzere kwa sikirini, akamudumpha n'kupezeka kumanja manja amauma. Mphindi 15 patsiku, kakhumi mbali iyi, kakhumi mbali inayo, mukaphonya muyambirenso, zimaposa kuswera Loweruka lonse mukumenya mabatani mwachisawawa.

Kenako pali Salima mwiniwakeyo. Mu Okutobala thukuta limatsikira m'mabatani, fumbi la mumsewu limalowa pabowo la ndodo, ndipo kwa a kunyanja chinyezi chimadyetsa dzimbiri sipulingi ndi timiyendo ta maswichi. Kambale kapulasitiki kamene kamakhala patsinde pa ndodo si kokongoletsa, kamatchinga fumbi, musakachotse. Mukatha kusewera pukutani ndi kansalu kouma n'kuphimba ndi chitenje. Batani likayamba kumata, lichotseni, mulitsegule, mupukute pulasitikiyo ndi kansalu konyowa pang'ono, liume musanabwezere. Ndodo ikayamba kulira ngati chitseko imafuna girisi wa silikoni pang'ono pamene imazungulirapo. Mafuta ophikira kapena oyilo wa njinga amaitana fumbi ndipo ena amawononga pulasitiki. Chingwe musamachikulunge mothinitsa, chifukwa chimathothokera pakhosi pomwe chalowera m'bokosi. Muzitsegulanso kamodzi pakanthawi: mphemvu zimakonda mdima wa m'menemo.

Poitanitsa zipangizo onjezani mabatani awiri kapena atatu ndi sipulingi imodzi yapadera. Sizilemera kanthu, ndipo batani likafa Lachisanu madzulo simudzalipeza pa Kamuzu Road, mwinanso ngakhale mutakwera minibasi makilomita pafupifupi 100 kupita ku Lilongwe. Anga ndimasunga m'kachitini ka mkaka pansi pa kauntala, pamodzi ndi sikuludiraiva. Pakhoma pamwamba pa benchi ndinamatapo pepala lolembedwa ndi makala: wadya chipisi kapena usipa, beseni lili panja.